Spina bifida: opareshoni mwana ali m'mimba, kudikira abadwe, kapena kukwera basi ya kumudzi?

Mlamu wanga anabwera kuchokera ku sikani ndi kapepala kopinda kanayi m'thumba la jakete, osayankhula ndi munthu, anangokhala pabedi nkuvula nsapato basi. Achimwene ndi amene anakatambasula nkuyamba kuwerenga mokweza, atafika pa mawu oti lemon sign ndi banana sign anayamba aseka kaye poganiza kuti mwina adokotala akuti mayi azidya zipatso zambiri, koma mlamu atayamba kulira m'pamene tinadziwa kuti nkhani yake si ya ndimu ayi. Mimba inali ya masabata 22 ndi masiku atatu, yoyamba. Tinali m'kachipinda kawo ku Rosettenville, panja ana a ma neba akusewera mpira, ndipo palibe mmodzi mwa ife atatu amene anali atamvapo mawu oti spina bifida.

Ine si dokotala, ndimasamalira agogo ena ku Randburg, koma masabata amene aja ndinaperekeza mlamu kwa madokotala kangapo ndipo ndinawerenga mpaka foni kutentha, nde ndati ndilembe poti ndikudziwa kuti kuno ku Joni tilipo ambiri ndipo wina mawa lino apatsidwa kapepala ngati komweka.

Vuto lake limayamba kale kwambiri, mwana ali kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Msana umayamba ngati kamzere kotseguka kenaka nkudzitseka ngati zipi, ndipo pofika tsiku la 28 chitengereni pakati umayenera kukhala utatsekeka. Nthawi imeneyo azimayi ambiri amakhala akungoti kaya mwezi uno wachedwa bwanji. Zipi ija ikapanda kufika kumapeto pamatsala bowo, kawirikawiri kumunsi cha m'chiuno, ndipo mtundu wovuta kwambiri, myelomeningocele, mitsempha imatulukira pabowopo m'kathumba ka madzi popanda khungu lophimba. Mitsempha imeneyi ndi yomwe imayendetsa miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Komanso poti madzi a mu ubongo ndi mumsana amachucha pabowopo, kaubongo ka kunkhongo kamatsikira kukhosi nkupindika ngati nthochi, mutu kutsogolo nkuoneka ngati ndimu, zipatso za pa kapepala zija nzimenezo. Kutsika kwa kaubongoko amakutcha Chiari II, ndipo kumatseka njira ya madzi nkuchititsa kuti adzadze m'mutu, ana a mitu ikuluikulu aja timawaona kumudzi anthu nkumati analodzedwa.

Za ufitizo tithane nazo pompano. Apongozi a mlamu, amene ndi mayi anga ondibereka, atamva pa WhatsApp funso loyamba linali loti kodi sanadye mazira kapena kudutsa pa mankhwala. Ayi amayi. Zomwe zimadziwika kuti zimakweza chiopsezo ndi kuchepa kwa folic acid m'thupi, matenda a shuga, kunenepa kwambiri, mankhwala ena a khunyu makamaka sodium valproate amene kuno ambiri amawadziwa kuti Epilim, komanso ngati kumtundu zinachitikapo. Ndipo ambiri zimangowachitikira popanda chilichonse mwa zimenezi.

Nde njira zake. Yomwe aliyense amathamangira akangolowa pa intaneti ndi ya opareshoni mwana akadali m'mimba, ndipo ineyo nditaiona koyamba ndinati eee basi tapulumuka. Nzeru yake ndi yomveka ndithu: mitsempha yomwe ili pamtunda ija imapitiriza kuonongeka mwezi ndi mwezi chifukwa yaviikidwa m'madzi a m'chiberekero komanso ikukhulika mwana akamatembenuka, nde ukatseka msanga umapulumutsako ina, kuchucha kumasiya, kaubongo kaja nthawi zina kamabwerera m'malo mwake. Kachitidwe kakale ndi kong'amba. Amamugoneka mayi tulo tofa nato, kung'amba mimba, kung'amba chiberekero, kumutembenuza mwana kuti msana uonekere, dokotala wa ubongo ndi mitsempha nkusoka bowolo, kenaka kubwezeretsa madzi nkusoka chiberekero. Mwana sanabadwe, amutsekeranso momwemo kuti azikula.

Umboni wake waukulu ndi kafukufuku wotchedwa MOMS amene anachitika ku America kuyambira 2003 pa zipatala zitatu, Children's Hospital of Philadelphia, Vanderbilt ku Nashville ndi University of California ku San Francisco. Analowamo azimayi 183 ndipo anamuimitsa asanafike kumapeto poti zinali zitaonekeratu kuti opareshoni ya m'mimba ikuthandiza, zotsatira zinatuluka mu 2011. Manambala ake ndi awa, ndipo muwagwire bwino chifukwa dokotala aliyense amene mungakumane naye akhala akunena omwewa. Mwa ana amene anasokedwa ali m'mimba, 40 mwa 100 anafunika kuikidwa shanti, kapaipi kochotsa madzi m'mutu, pomwe mwa amene anasokedwa atabadwa anali 82. Pa miyezi 30, amene ankayenda okha popanda zothandizira anali 42 mwa 100 ku gulu loyamba, 21 ku gulu lachiwiri. Atawatsatira mpaka msinkhu wa ku pulayimale manambala oyenda okha anatsika mbali zonse, 29 ndi 11. Kusiyana kulipo ndithu, sindikukana, koma taonaninso kuti olo ku gulu la mwayi lija ana ambiri sankayenda okha. Si kuchiza ayi, ndi kuchepetsa.

Ndipo walira mvula walira matope. Matope ake amagwera mayi. Ana a gulu la opareshoni ya m'mimba ankabadwa cha pa masabata 34 pomwe anzawo ankafika 37, ndipo 13 mwa 100 anabadwa masabata 30 asanakwane, ameneyo ndi mwana wa mu inkyubeta wovutika kupuma, vuto pamwamba pa vuto. Pafupifupi theka la azimayiwo nsupa inasweka nthawi isanakwane. Pobereka, mmodzi mwa atatu alionse anapezeka kuti pachipsera pa chiberekero papyapyala kapena pamasuka. Chipsera chimenechi si chofanana ndi cha siza wamba uja amacheka kumunsi, ichi chimakhala pa mnofu weniweni wa chiberekero umene umakoka matenda akayamba, nde lamulo lake ndi loti mwana ameneyo ndi ena onse obwera m'mbuyo mwake ndi a kumpeni basi, ndipo mpeniwo uzichitika matenda asanayambe, apo ayi chiberekero chitha kuphulika. Amanenanso kuti udikire zaka ziwiri usanatengenso pakati pena.

Apa m'pamene ine ndinayamba kuzizira nayo njirayi. Mlamu ali ndi zaka 24, pasipoti yake ndi ya masiku, ndipo tonse timadziwa kuti moyo wa kuno lero ulipo mawa uli pa Lindela, komwe amasunga anthu oti abwezedwe kwawo, kapena wangotopa wekha wabwerera. Nde tayerekezani patapita zaka zinayi ali kumudzi ku Ntcheu, pakati pachiwiri, chipatala chomwe chili pafupi ndi ka health centre kopanda fiyeta, matenda ayamba usiku mvula ikugwa. Mzimayi wa ku Philadelphia nkhawa imeneyi alibe. Manambala a MOMS ndi oona koma anawerengedwa pa anthu amene ambulansi imawafikira pa mphindi zochepa, ndipo pambuyo pa opareshoni ankakhala pafupi ndi chipatala osagwira ntchito mpaka kuchira. Wa ntchito za m'nyumba amene madamu amamudula tsiku akapita ku sikelo, miyezi itatu yongogona ayitenga kuti?

Komanso khomo lake ndi lopapatiza. Pa MOMS ankalola pakati pa masabata 19 mpaka asanakwane 26, mwana akhale mmodzi osati mapasa, bowo likhale pakati pa mafupa a msana amene amawatcha T1 ndi S1, kaubongo kaja kakhale kuti katsikadi, ndipo mwana asakhale ndi vuto lina la chibadwa, zomwe amadziwa potenga madzi a m'chiberekero ndi jakisoni nkukayeza. Mayi wonenepa kwambiri, wa BMI yofika 35, sankaloledwa, chimodzimodzi amene anaberekapo masiku osakwana, komanso amene ali ndi HIV kapena hepatitis B. Zipatala zina masiku ano zinafewetsako ena mwa malamulowa, nde ngati muli pa ma ARV funsani ndithu osangodzichotsa nokha, koma dziwani kuti funso limenelo lidzabwera. Palinso china chomwe ambiri satchula: madzi akakhala kuti adzadza kale kwambiri m'mutu, timapanga ta mu ubongo tikafika mamilimita 15 kapena kuposa, opareshoni ya m'mimba sithandiza kwenikweni pa nkhani ya shanti, pa MOMS ana otero 79 mwa 100 anaikidwabe. Pomwe timapangato tikakhala tosafika mamilimita 10 ndi 20 okha mwa 100. Nde nambala imeneyo pa lipoti la sikani muyifunse, ndi yofunika kuposa zambiri zomwe zalembedwapo.

Njira yachiwiri ndi m'bale wake wa yoyambayi, ya tizibowo, fetoscopic. M'malo mong'amba chiberekero amaboola tizibowo tiwiri kapena titatu, kulowetsa kakamera ndi tizipangizo, kupopera mpweya kuti aone bwino, nkusoka msana wa mwana akuyang'ana pa sikirini. Pali makonzedwe awiri. Ku Texas Children's Hospital ku Houston, gulu la Michael Belfort ndi William Whitehead limang'amba khungu la pamimba nkutulutsa chiberekero kenaka nkuboola, pomwe ku São Paulo ku Brazil, Denise Lapa amaboola kuchokera panja penipeni osang'amba mimba. Ubwino wake waukulu ndi wa mayi: chiberekero sichikhala ndi chipsera chachikulu chija, nde ambiri amatha kubereka bwinobwino osapita kumpeni, ndipo mimba zam'tsogolo sizikhala pa chiswe. Kuipa kwake, opareshoni imatenga nthawi yaitali, kusweka kwa nsupa msanga kukadalipo makamaka pa njira yoboola kuchokera panja ija, ana ena amafunika kuwasokanso akabadwa, ndipo ilibe kafukufuku wa mtundu wa MOMS woyerekeza magulu awiri mwamaere. Zimadaliranso kwambiri manja, gulu lomwe lachitapo maulendo ambiri silingafanane ndi lomwe likuyamba kumene.

Kuno ku Joni zinachitikapo. Mu 2019 pa Mediclinic Morningside ku Sandton, gulu lotsogozedwa ndi Professor Ermos Nicolaou mothandizana ndi madokotala ochokera ku Texas linasoka msana wa mwana ali m'mimba, ndipo nyuzi zinati aka kanali koyamba mu Africa muno. Nde si nkhani ya kunja kokha ayi, ndi pamtunda woti taxi ziwiri wafika. Koma chimenecho ndi chipatala cha pulaiveti, ndipo iyi si opareshoni yoti ungalowe Lolemba nkupatsidwa tsiku Lachitatu ngati kuchotsa dzino, pamafunika gulu lonse, wa azimayi oyembekezera, wa ubongo, wogonetsa tulo, a ana obadwa masiku osakwana, sikani yaikulu ya MRI, kuyeza madzi kuja, ndi bedi la ICU la mwana lodikirira. Achimwene amawotcherera ma geti, medical aid alibe, ndipo musaganize zothamangira kukalowa medical aid mimba ili kale chifukwa malamulo a kuno amawalola kukudikiritsa mpaka miyezi 12 pa vuto lomwe walowa nalo. Kunja nako, ku London anayamba mu 2018 pa University College London Hospital ndi Great Ormond Street mothandizana ndi a ku Leuven ku Belgium, koma visa, ndege, malo ogona miyezi ingapo, zonsezo m'masabata atatu ndi theka amene tinatsala nawo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene muli ndi medical aid yabwino, mimba isanafike masabata 24, timapanga tija tili tating'ono, ndipo muli ndi wokusamalirani pakhomo, ine ndinganene kuti pitani mukaonane ndi madokotala a ana amene akadali m'mimba, a fetal medicine, sabata yomweyo, ndipo ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, kwa mzimayi wachimalawi amene akufunabe ana ena komanso mwina adzabwerera kumudzi ndingakondere ya tizibowo kusiyana ndi yong'amba. Funsani kuti gulu lawo lachitapo kangati, ana anabadwa pa masabata angati, ndipo ndani adzalipire mwana akakhala mwezi mu inkyubeta. Musachite manyazi ndi mafunso amenewa, mimba ndi yanu.

Tsopano njira yachitatu, yomwe pa intaneti imaoneka ngati ya osauka kapena ochedwa, koma zoona zake ndi yomwe ana ambiri padziko lonse amadutsamo, ku America komweko. Kudikira mwana abadwe, nkumusoka m'masiku awiri kapena atatu oyambirira. Mwana amabadwa atakhwima, mapapo ali bwino, chiberekero cha mayi sichinakhudzidwe. Mitsempha yomwe yaonongeka yaonongeka, kusokako sikubweza ayi, ntchito yake ndi kutseka khomo kuti tizilombo tisalowe nkukafika ku ubongo, chifukwa chomwe chimapha ana amenewa msanga ndi meninjaitisi. Nde apa mpikisano wake ndi wa maola, ndipo chinsinsi chonse chagona pa komwe mwachilira. Ukachilira pa kakiliniki ka m'dera, ayambe kuimba mafoni kufuna bedi, ambulansi ibwere mawa, masiku akutha bala lili pamtunda. Ukachilira pa chipatala chachikulu pomwe madokotala a ubongo ali pomwepo ndipo akukudikira, nkhani imakhala ina. Kuno zipatala zazikulu za boma zophunzitsirako madokotala ndi monga Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto, palinso Nelson Mandela Children's Hospital yomwe imalandira ana otumizidwa kuchokera ku zipatala zina, ndipo ku Cape Town kuli Red Cross War Memorial Children's Hospital. Simungangolowa nokha, pamafunika kalata ya referral kuchokera komwe mumapanga sikelo, nde kapepala ka sikani kaja musakasiye m'jakete, kapititseni kwa anesi mawa lake.

Ndikudziwa mantha amene alipo, ifenso pa kiliniki ina tinabwezedwapo pageti ndi anthu ofuna ma ID, mlamu anabwerera akulira, tinapitanso tsiku lina m'mamawa ndi achimwene nkulowa. Dziwani kuti mu April 2023 khoti lalikulu la Gauteng linagamula kuti azimayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posatengera dziko lomwe achokera kapena mapepala. Pageti zimatha kukhala zina, koma lamulo lili mbali yanu.

Pa njira imeneyi konzekerani nkhani ya madzi m'mutu, chifukwa ana ambiri idzawapeza. Anesi amayeza mutu ndi tepi pafupipafupi, kugwira paliwombo ngati patupa. Shanti ndi kapaipi kochoka mu ubongo kudutsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu mpaka m'mimba, komwe madziwo amakatayikira thupi nkuwamwa. Imagwira ntchito bwino koma ndi chipangizo, imatha kutsekeka kapena kulowa tizilombo, ndipo mwana akayamba kusanza, kugona kwambiri, kulira mosatonthozeka kapena maso kuyang'ana pansi ngati dzuwa likulowa, ndi zothamanga nazo usiku womwewo osati kudikira kuche. Pali ina yopanda kapaipi, ETV/CPC, yomwe Benjamin Warf anaikonza akugwira ntchito pa chipatala cha CURE ku Mbale ku Uganda poona kuti ana a kumidzi shanti ikatsekeka amafa asanafike kuchipatala. Amaboola kanjira mkati mwa ubongo kuti madzi azidutsa nkuwotchako tinyama topanga madziwo. Si mwana aliyense amene imamuyanja, ena amadzaikidwabe shanti, koma kwa ife a moyo wa uku ndi uku ndi funso loyenera kumufunsa dokotala. Zinandisangalatsako kuti pa nkhani yonseyi pali nzeru imodzi yomwe inachokera kwathu kuno nkupita kwa azungu.

Njira yachinayi simungaipeze m'buku la dokotala aliyense koma kwathu inakambidwa kuposa zonse: kukwera basi. Mayi anga ankaimba tsiku ndi tsiku kuti mtumizeni mwanayo abwere adzachilire kuno, uko muli ndi ndani. Ndipo ndikuwamvetsa, kumudzi kuli gadiyani, kuli wophika phala, kuli wotunga madzi, kuno ukagonekedwa m'chipatala mwamuna ali ku ntchito ndiwe wekha ndi chilankhulo cha eni ake. Ku Malawi nakonso opareshoni yotseka msana ndi ya madzi m'mutu zimachitika, ku Queens ku Blantyre kuli madokotala a ubongo ndipo akugwira ntchito yaikulu. Koma ndi ochepa pa dziko lonse, ndipo kwathu si ku Blantyre. Kuchoka pa Park Station kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza ndi masiku awiri pa mpando ngati pa boda sipanavute, munthu wa mimba yaikulu miyendo itatupa, kenaka akafika akakhale kumudzi kudikira matenda, achilire pa health centre, atumizidwe kuboma, kuboma amutumize ku central. Masiku atatu aja athera panjira. Nde ine maganizo anga ndi oti ngati mwasankha kupita, pitani msanga mimba isanakule, mutenge malipoti onse, ndipo mukafikire kwa achibale a m'tauni pafupi ndi chipatala chachikulu mukalembetse komweko, osati kumudzi. Apo ayi chilirani konkuno, mwana asokedwe, mutu ukhazikike, kumudzi mudzapita ndi mwana m'manja. Ife tinachita kuwatumizira amayi ndalama ya transipoti kuti iwo ndi amene abwere, zinatsika mtengo kusiyana ndi maliro.

Pali njira yachisanu yomwe madokotala a kuno adzakuuzani ndipo musadabwe kapena kuwakwiyira, ndi udindo wawo. Lamulo la South Africa la 1996 limalola kuchotsa pakati olo patadutsa masabata 20 ngati dokotala atakambirana ndi mnzake kapena mzamba aona kuti mwana adzabadwa ndi chilema chachikulu. Ku Malawi lamulo ndi lina, n'chifukwa chake ambiri timadzidzimuka tikamva. Mlamu anafunsidwa kawiri, anakana kawiri, sanamukakamize. Ena amavomera, makamaka bowo likakhala pamwamba kwambiri kapena pali mavuto ena ambiri, ndipo ine pakamwa panga sipatuluka mawu owaweruza poti usiku umene iwo anagona osagona ine kunalibe.

Chomwe ndinaona mochedwa nchoti tinataya masiku ambiri kukangana za miyendo, adzayenda kapena sadzayenda, pomwe nkhani yomwe imatsatira mwana moyo wake wonse ndi ya chikhodzodzo, ndipo imeneyi njira zonse zija siziithetsa. Olo pa MOMS, ana a opareshoni ya m'mimba 62 mwa 100 ankagwiritsabe ntchito katheta, kapaipi kotulutsira mkodzo, pa msinkhu wa sukulu, enawo 87. Chikhodzodzo chikamasunga mkodzo osatulutsa wonse, mkodzo umabwerera ku impso nkuziononga mwakachetechete. Mankhwala ake ndi kapaipi kakang'ono kolowetsa maola angapo alionse kutulutsa mkodzo nkukachotsa, ndi manja osamba bwino basi, nthawi zina ndi mankhwala otchedwa oxybutynin ofewetsa chikhodzodzo. Onjezanipo mafizo, mapazi opindika amene amawongola ndi pulasitala, kusamala zilonda poti mwana samva kuwawa kumapazi ndipo atha kupsa ndi madzi osamba kapena hita ya mu June osalira, komanso kupewa magolovesi ndi zibaluni za latex poti ana amenewa matupi awo amadana nazo kawirikawiri. Za kuyenda zimadalira kwambiri pomwe bowo lili, likakhala kumunsi kwenikweni ambiri amayenda, likakwera ndi wilitcheya, ndipo ambiri mwa ana amenewa nzeru zawo zimakhala bwinobwino, sukulu amaphunzira.

Kwa amene simunafike pa zonsezi, sikani ya pakati pa masabata 18 ndi 22 ndi yomwe imaona msana bwino. Ambiri a ife timayamba sikelo mimba ili miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kuopa madamu, kuopa pageti, kapena mwambo uja woti mimba saulula msanga, nde pofika pa sikani zitseko ziwiri zoyamba zija zatsekeka kale tisanadziwe nkomwe kuti zinalipo. Ndipo folic acid amayamba musanatenge pakati, osati mutadziwa, kumbukirani tsiku la 28 lija. Mlingo wamba ndi ma microgram 400 patsiku, koma amene munaberekapo mwana wa vutoli amakupatsani waukulu, 4 kapena 5 mg, ndipo kafukufuku wa ku Britain wa 1991 anapeza kuti umachepetsa kubwereza kwa vutoli ndi 72 pa 100. South Africa inayamba kuthira folic acid mu ufa wa chimanga ndi wa buledi mu 2003 ndipo ana obadwa ndi mavuto a mtunduwu anachepa ndi pafupifupi 30 pa 100, nde ufa wa m'shopu uja timaunyoza kuti nsima yake siikoma uli ndi kanthu komwe ufa woyera wa kuchigayo umene matransipota amatibweretsera ulibe. A mankhwala a khunyu musasiye nokha chonde, kaonaneni ndi dokotala musanatenge pakati akusinthireni.

Ife mapeto ake zinatisankhira zokha. MRI inatuluka mimba ili pa masabata 24 ndi masiku, timapanga tija tinali pa mamilimita 16, ndalama panalibe, nde dokotala wina wachizimayi anatiuza mosabisa kuti olo mukanakhala nazo phindu lake pa mwana uyu likanakhala lochepa. Mlamu anapuma mpweya waukulu, ndikuganiza kuti ankadziimba mlandu kuti umphawi wake ndi umene ukumulanda mwana miyendo. Mtsikana wathu anabadwa pa masabata 38, anamugoneka chafufumimba atamuphimba bala ndi kansalu konyowa, anasokedwa tsiku lachiwiri, shanti anaikidwa ali ndi masabata atatu ndipo inatsekekapo kamodzi, tinathamanga naye 2 koloko usiku pa Bolt. Pano ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi, amaima atagwira tebulo ndi tizitsulo ta kumapazi, ndipo pakamwa ndiye ayi, wayamba kale kutukwana m'Chizulu. Katheta poyamba achimwene ankathawa, amvekere zimenezo ndi za azimayi, koma mlamu atayambiranso ntchito ya Loweruka analibe kothawira. Tsiku lina ndinawapeza atagwada pa kapeti, manja aja okhakhala ndi zipsera za welding atasamba mpaka m'zigongono, akulowetsa kapaipi pang'onopang'ono lilime lili panja, mwana akuwamenya ndi supuni pamutu.

"Achemwali tatsekani chitsekocho, mphepo," anatero osandiyang'ana nkomwe.